Ovina akupakika pa zithunzi zanga, pamene za anzanga zikukongola ndi kupakika komweko

Funso: "Ndimakhala ku Area 25 ndipo ndayamba kumene kujambula zithunzi pa maukwati ndi zinkhoswe. Ndili ndi kamera ya Canon ya lenzi ya 18-55mm yomwe ndinagula kwa mnzanga. Anthu akaima chiimire zithunzi zimatuluka bwino, koma akangoyamba kuvina pa perekaniperekani, manja ndi nkhope zimapakika. Komatu ndimaona zithunzi zina zomwe magalimoto asanduka mizere ya kuwala, kapena madzi a mumtsinje asalala, ndipo zimakongola. Iwowa amachita bwanji? Nanga pafoni zingatheke?"

Achimwene, zithunzi zanu zopakikazo ndi zithunzi zokongola mwazionazo zachokera pa chinthu chimodzi, ndicho kutalika kwa nthawi imene shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, inakhala yotsegula. Anzanuwo anasankha okha nthawiyo, pamene inu kamera inakusankhirani. Mmene mwafotokozeramu, mukujambula pa Auto.

Mukadina batani, shutter imatsegula, kuwala kumalowa n'kukafika pa sensa, kachipangizo kamene kamagwira chithunzi, kenako imatseka. Chilichonse chimene chasuntha pakati pa kutsegula ndi kutsekako chimasiya mzere. Munthu woyenda bwinobwino amatha mtunda wa mamita pafupifupi 1.4 pa sekondi. Pa 1/500 ya sekondi amakhala atasuntha mamilimita osakwana 3, ndipo diso silingazindikire. Pa 1/30 wasuntha masentimita pafupifupi 5, ndiye ganizani za dzanja la wovina limene limathamanga kuposa pamenepo. Kamera imafuna kuwala kokwanira ngati mmene chidebe chimafunira madzi pampopi: akamatuluka pang'onopang'ono, mumaima nthawi yaitali kuti chidzaze. M'maholo ambiri a maukwati kuwala n'kochepa, choncho Auto imatsegula shutter kwa 1/30 kapena 1/15 kuti chithunzi chisade. Iyo sidziwa kuti patsogolo pake pali azakhali a mkwati amene akuthyola dansi.

Musanasinthe kalikonse, tsegulani chimodzi mwa zithunzi zowonongekazo pakompyuta n'kuchikulitsa. Yang'anani zinthu zosasuntha: mipando, khoma, keke patebulo. Ngati izo zili bwino koma ovina okha ndi amene apakika, vuto ndi liwiro la ovina. Ngati zonse, ndi keke yomwe, zapakikira mbali imodzi, anagwedezeka ndi manja anu. Kabatani ka stabilizer kamene kali pa malenzi ena kamathandiza pa kugwedezeka kwa manja basi, sikangaimitse munthu wovina. Pa lenzi yanuyo mukafika pa 55mm mutagwira kamera m'manja, musatsike kuposa 1/100 pokhapokha ngati mukufuna dala.

Tembenuzani kagudumu ka pamwamba kafike pa Tv. Pa Nikon ndi Sony pamalembedwa S. Apa inu mumasankha nthawi, kamera n'kukonza zotsalazo. Anthu olowa m'holo moyenda pang'onopang'ono amaima pa 1/250. Ovina mwamphamvu amafuna 1/500. Mukatero chithunzi chidzada, chifukwa mwadula nthawi yolowera kuwala, ndiye kwezani ISO, nambala imene ikakwera chithunzi chimawala, kufika 1600 kapena 3200. Padzaoneka timadontho, makamaka m'malo amdima, ndipo ojambula ambiri oyamba kumene amaopa timadonthoti mopyola muyeso. Kasitomala amakhululukira timadontho, koma nkhope ya mayi ake itapakika sadzailandira. Mukapeza kandalama, chinthu choyamba kugula ndi lenzi ya 50mm f/1.8. Nambala ya f imasonyeza kukula kwa pobowola pa lenzi: nambalayo ikachepa, pobowolapo pamakula. Lenzi yanu ikafika pa 55mm imatsegula mpaka f/5.6 basi, pamene f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. M'holo momwemo, mmene munali kujambula pa 1/30, mukhoza kufika pa 1/250 ISO osaikhudza.

Palinso chimene sichigulidwa. Gule aliyense ali ndi kanthawi kamene thupi limaima lisanabwerere. Wolumpha akafika pamwamba amaima kaye asanatsike, dzanja likatambasuka limaima lisanapindike. Mverani nyimbo, osangoyang'ana m'kamera. Mukamadina motsatira kugunda kwa ng'oma, mudzapeza kuti ngakhale 1/200 ikukwanira pamene poyamba 1/500 imalephera. Kungosindikiza batani kuti kamera iombe zithunzi zambirimbiri kumathandiza pang'ono, koma kumadzaza memori khadi ukwati usanafike pakati, ndipo usiku wonse mudzauthera posankha.

Mukaona kuti zithunzi ziwiri zojambulidwa motsatizana zasiyana mtundu, china chachikasu china chobiriwira, kamera sinawonongeke. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo mababu ena a fluorescent ndi LED amathwanima maulendo 100 pa sekondi. Shutter yothamanga imagwira kachigawo chabe ka kuthwanimako. Pa 1/100 kapena 1/50 vutoli limachepa kwambiri, koma pamenepo ovina ayambanso kupakika, ndiye flash ilowererepo.

Flash imawala kwa kanthawi kochepa kwambiri, nthawi zambiri 1/1000 ya sekondi kapena kucheperapo, choncho imaimitsa yokha chimene yachiwalira. Apa ndi pamene mungayambe kupakika mwadala. Ikani kamera pa M, pamene mumasankha zonse nokha, shutter pa 1/15 kapena 1/8, ISO 400 kapena 800, ndipo mu menu ya flash sankhani 2nd curtain. Shutter itsegula, kuwala kwa m'holo kujambula mizere ya manja, zitenje ndi ndalama zimene zikuponyedwa, ndipo itatsala pang'ono kutseka flash iwala n'kuimitsa nkhope. Mukasiya pa 1st curtain, flash imawala koyambirira, mzere n'kutuluka kutsogolo kwa munthu, ndipo amaoneka ngati akubwerera chambuyo. Chithunzi cha perekaniperekani chojambulidwa motere chimaonetsa phokoso ndi chipwirikiti cha nthawiyo kuposa chimene aliyense wauma gwa. Koma musajambule ukwati wonse choncho. Yambani mwapeza zithunzi zoonekera bwino za ankhoswe, makolo ndi akwati, kenako sewerani ndi zochepa. Njirayi imafunanso malo amdima ndithu. Masana m'tenti siigwira.

Chinsinsi cha zithunzi zonse zimene mwasirirazo chili pomwepa. Pachithunzi payenera kukhala chinthu chimodzi choima bwino, chimene diso la woonera lifikirepo. Chikhoza kukhala nkhope, mlatho, mtengo kapena mwala wa mumtsinje. Zikapakika zonse, woonera amati wojambula analakwitsa. Chimodzi chikaima zina zikuyenda, amaona liwiro.

Panja masana zinthu n'zosavuta. Dzuwa la ku Lilongwe likawala bwino, ISO 100 ndi f/5.6 zimakupatsani 1/1000, yokwanira kuimitsa wosewera mpira pa Bingu National Stadium kapena pa Silver Stadium. Chigawo chachiwiri mthunzi ukayamba kuphimba bwalo, kwezani ISO, shutter musaitsitse. Dziwaninso kuti wothamangira kwa inu sapakika msanga ngati wodutsa chopingasa, n'chifukwa chake ojambula mpira amakonda kukhala kumbuyo kwa golo chakumbali. Shutter yothamanga imaonetsa zimene diso silinaonepo. Mu 1878, ku Palo Alto m'dziko la America, Eadweard Muybridge anandandalika makamera 12 m'mbali mwa njira ya mahatchi, ndipo zithunzi zake zinasonyeza kuti hatchi yothamanga imachotsa miyendo yonse inayi pansi itaipinda kunsi kwa mimba. Ojambula pamanja kwa zaka zambiri ankaijambula itatambasula miyendo kutsogolo ndi kumbuyo.

Luso limene ndikufuna muliphunzire kwambiri ndi lotsatira chinthu choyenda ndi kamera, limene ojambula amati panning, ndipo mumzinda muno akabaza ndi aphunzitsi osalipiritsa. Pezani malo kumbali kwa msewu, kutali ndi phula, pamene njinga zimadutsa chopingasa. Kumbuyo kwake kukhale zinthu zambiri: mipanda, zikwangwani, mashopu opakidwa utoto, mitengo. Kumbuyo kukakhala thambo lokha kapena khoma loyera, palibe chopakika, ndipo liwiro silioneka. Kwa njinga yakapalasa yambani ndi 1/30, kwa yamoto 1/60 kapena 1/125. Focus, imene imachititsa chimene mwaloza kuoneka bwino, muiike pa AI Servo kuti izitsatira njingayo. Mapazi aloze kumene mukufuna kudzadina, zigongono zigunde nthiti, ndipo muzungulire m'chiuno, osati m'manja. Mutengeni wakabazayo akadali kutali, muziyenda naye pa liwiro lake, dinani akafika patsogolo panu, ndipo pitirizani kumutsatira ngakhale shutter yatseka kale. Ambiri amalephera pomwepa: akangomva kulira kwa shutter amaimitsa kamera, osadziwa kuti anayamba kuima asanadine. Musiyireni malo kutsogolo kwake m'chithunzi kuti akhale ndi kolowera.

Zikatheka, nkhope ndi chiwongolero zimaoneka bwino, masipoko ndi miyendo zimapakika chifukwa zikuyenda mwanjira ina, ndipo mashopu a kumbuyo amasanduka mikwingwirima. Zambiri zidzawonongeka, ngakhale kwa ojambula akale, ndipo palibe chodandaulitsa. Vuto lenileni ndi dzuwa. Masana enieni, pa ISO 100, kuwala koyenera ndi f/16 pa 1/125. Kuti mutsike kufika 1/30 mufunika f/32, pamene malenzi ambiri safika kapena amafika chithunzi chitafooka. Choncho chitani zimenezi m'mamawa akabaza akutenga anthu opita kuntchito, kapena dzuwa litapendeka. Wakabaza akaima n'kufunsa, muonetseni chithunzicho. Kukambirana kumakhala kosavuta akadziona yekha.

Mizere ya magalimoto n'njosavuta kuposa mmene imaonekera. Chofunika n'chakuti kamera isasunthe ngakhale pang'ono. Tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, ndi yabwino, koma kathumba ka mpunga kapena nyemba koikidwa pakhoma kamagwira ntchito yomweyo. Ikani pa M, ISO 100, f/8 kapena f/11, shutter masekondi 10 mpaka 20. Focus muiike pamanja pa chikwangwani kapena nyale ya patali, zimitsani stabilizer, ndipo gwiritsani ntchito timer ya masekondi 2 kuti chala chanu chisagwedeze kamera. Nthawi yabwino si usiku wa bii. Ndi dzuwa litangolowa, thambo likadali la buluu, nyumba ndi mitengo zikuonekabe. Kuno tili pafupi ndi equator, ndiye nthawi imeneyi ndi yaifupi, mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mu Juni dzuwa limalowa isanakwane 5:30. Fikani msanga, konzani zonse kukadali kowala.

Msewu wokhota umakongola kuposa wowongoka, ndipo malo okwera amaposa apansi, n'chifukwa chake maso a ojambula ambiri amathamangira ku interchange ya ku Area 18. Magalimoto opita amasiya mizere yofiira, obwera yoyera. Akathithikana ngati mmene zimakhalira anthu akaweruka ku Capital Hill ndi ku City Centre, mizere siituluka, kuwala kumangounjikana malo amodzi. Dikirani ayambe kuyenda. Musaime pamsewu, musapite nokha ndi kamera usiku, ndipo musaloze kamera ku State House, ku malo a asilikali kapena ku bwalo la ndege popanda chilolezo.

Pafoni zimatheka. Mafoni ambiri a Android ali ndi Pro mu kamera, mmene mungasankhe shutter ndi ISO, ndipo madzulo mizere ya magalimoto imatuluka bola foni itsamire penapake. Pa iPhone jambulani Live Photo, kenako musankhe Long Exposure. Malire a foni ndi akuti pobowola pa lenzi yake sipachepa, pa mafoni ambiri pamangokhala cha m'ma f/1.8, choncho masana imafuna shutter yothamanga kwambiri. Mukaikakamiza 1/30 dzuwa likuswa mtengo, chithunzi chimangoyera mbee. Night mode nayo ndi yosiyana: imajambula zithunzi zingapo n'kuziphatikiza, ndipo cholinga chake n'kuchotsa kupakika kumene inu mukukufuna.

Shutter ikatsegula nthawi yaitali kwambiri, zoyenda zimasowa. Mu 1838 Louis Daguerre anajambula msewu wa Boulevard du Temple ku Paris, ndipo chithunzicho chinatenga mphindi zingapo. Msewuwo unali ndi anthu ndi ngolo, koma pachithunzi ukuoneka wopanda kanthu, kupatula bambo wina amene anaima malo amodzi akupukutitsa nsapato. Mukhoza kuchita zomwezi pa timilatho ta mitengo todutsa mtsinje wa Lilongwe ku msika wa Tsoka. Pa theka la sekondi kapena sekondi imodzi, oyenda amasanduka zithunzithunzi pamene wogulitsa wokhala pansi akuoneka bwinobwino. Pa masekondi 30, oyenda ambiri amafufutika. Ine ndimakonda theka la sekondi, chifukwa munthu amaonekabe kuti ndi munthu, ndipo msika wopanda anthu suuza woonera kalikonse za msika. Pemphani kaye kwa amene adzaoneke bwinowo.

Kuti zimenezi zitheke masana mufunika ND filter, galasi lakuda lomangirira kutsogolo kwa lenzi. La 10 stops (muyeso wa kuda kwake) limasandutsa 1/125 kukhala masekondi 8. Madzi osalala aja amatuluka chimodzimodzi: kuyambira theka la sekondi mpaka masekondi 2 madzi amasalala koma mayendedwe ake amaonekabe, ndipo mtsinje wa Lilongwe kapena Lingadzi umakhala ndi madzi ochuluka mu Febuluwale ndi Malichi, bola muime patali ndi gombe loterera. ND filter ikasowa, galasi la owotcherera zitsulo limagwira, ndipo ku Biwi silisowa. Limasandutsa chithunzi chonse kukhala chobiriwira, ndiye muchisinthe chikhale chakuda ndi choyera. Konzani focus musanaliike, chifukwa likakhalapo simuonanso kanthu.

Nyenyezi nazo zimayenda pachithunzi, chifukwa dziko limazungulira madigiri 15 pa ola. Pa 18mm, mukapyola masekondi 15 kapena 20 zimayamba kutalika. Mukafuna mizere yozungulira, lozani kummwera. Malo amene nyenyezi zonse zimaoneka ngati zikuzungulirapo ali madigiri pafupifupi 14 pamwamba pa pamene thambo limaoneka ngati lakumana ndi nthaka, molingana ndi mmene Lilongwe alili kummwera kwa equator, ndipo palibe nyenyezi yowala yoti ikulozereni. Pezani nyenyezi zinayi za Southern Cross, talikitsani mzere wake wautali kanayi ndi theka, mwafika. Jambulani zithunzi za masekondi 30 motsatizana kwa ola lathunthu, pa ISO 800 lenzi itatsegula kwambiri, n'kuziphatikiza ndi pulogalamu ngati StarStaX. Juni ndi Julayi mwezi ukakhala kumdima ndi nthawi yabwino, pamene Sepitembala ndi Okutobala fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zimaphimba thambo. Chakum'mwera chakumadzulo, kulowera ku Malingunde ndi Dzalanyama, kuwala kwa mzinda kumatsalira kumbuyo kwanu. Tengani batire yachiwiri, kuzizira kumaimaliza msanga.

Pali njira ina yojambulira nthawi imene siifuna shutter yapadera, filter kapena tripod, ndipo ndi imene ndimaona kuti ojambula a mumzinda muno amainyalanyaza kwambiri. Ndi kubwerera pamalo amodzi. Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, kulowa m'malo mwa Zomba, ndipo pofika pa kalembera wa 2018 anali ndi anthu pafupifupi 990,000. Nyumba ya Malamulo ya ku City Centre inatsegulidwa mu 2010, Bingu National Stadium mu 2017, ndipo pamene pali interchange ya ku Area 18 panali raundabauti. Funsani anzanu ojambula kuti ndi angati ali ndi chithunzi chabwino cha raundabautiyo. Tonse tinkadutsapo, koma chinthu choona tsiku ndi tsiku sichioneka ngati choyenera kujambulidwa.

Sankhani malo awiri kapena atatu pafupi ndi kwanu ku Area 25: mphambano, munda umene mukuona kuti posachedwa pamangidwa nyumba, kapena mtengo wa jakaranda. Jambulani kamodzi pamwezi. M'chaka chimodzi chokha mudzakhala ndi maluwa apepo a Sepitembala ndi Okutobala, chimanga chobiriwira cha Januwale, mapesi ouma a Meyi ndi fumbi la chilimwe, zonse pa chimango chimodzi. Kuti zithunzizo zilankhulane, mapazi anu aziima pamalo omwewo, lenzi pa nambala yomweyo, nthawi ya tsiku yomweyo, ndipo m'chithunzi mukhale chinthu chimene sichidzachoka msanga, monga polo ya magetsi kapena ngodya ya nyumba. Sungani chithunzi choyamba pafoni kuti muziyerekeza musanadine. Ngakhale pa ntchito yanu ya maukwati izi zimagulitsa: banja limene munalijambula pakhomo la tchalitchi mukhoza kulijambulanso pakhomo lomwelo pakatha chaka, ndipo kenako ndi mwana m'manja.

Zithunzi zotere muzisunge malo awiri, pakompyuta ndi pa intaneti kapena pa hard drive ina, mufoda yolembedwa dzina la malo. Musadalire zimene mwatumiza pa WhatsApp, chifukwa zikatumizidwa mwachizolowezi zimachepetsedwa ndipo tsiku limene kamera inalemba mkati mwake limachotsedwa. Ndipo lowani mu menu lero lomwe muone tsiku ndi nthawi zimene kamera yanu ikuwerenga. Makamera ogula kwa anzathu nthawi zambiri amabwera akuwerenga chaka cholakwika, ndipo pakatha zaka zisanu simudzakumbukira kuti chithunzi cha munda uja chinali cha Novembala uti.